Juwawo wa Eni Ake

Kumanda a kwathu ku Mulanje, kumunsi kwa minda ya tiyi, kuli chiliza chimene chikunena bodza, ndipo amene anachinamitsa ndine. Mawu ake ndinalemba ndekha papepala, ndinakawapereka ndekha kwa wosema miyala ku Limbe, ndipo nditawaona atazokotedwa pamwala wakudawo mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe. Lero kukagwa maliro kumudzi ndimaima kumapeto kwa manda, kutali ndi chilizacho. Abale anasiya kale kundikumbutsa nkhaniyi. Ine ndi amene ndikulephera kuisiya, n'chifukwa chake ndati ndiifotokoze yonse monga inayendera.

Pansi pa mwalawo pagona agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga. Anamwalira mu 1979, ine ndili ndi zaka 8. Ndimakumbukira zinthu zochepa: mapazi awo ong'aluka ngati dambo la mu Okutobala, fodya wa chingambwe amene ankasunga m'kachitini, ndi zipsera ziwiri zolimba pamapewa, zimene ana tinkazigwira iwo akamawothera dzuwa. Mudzi wonse unkawatchula kuti a Juwawo a ku Chiwambo. Chiwambo ndi dzina limene makolo athu ankatchulira tawuni ya Quelimane ku Mozambique. Madzulo akakhuta ankatisimbira za nyanja ya madzi amchere imene imathawa n'kusiya mchenga wokhawokha, kenako n'kubwerera yokha popanda mvula. Ife tinkaseka, poti madzi amene tinkawadziwa anali a mu Ruo ndi Lichenya, ndipo amenewo sabwerera m'mbuyo.

Pa Pasaka wa 2022 amalume, amene ndi mwini mbumba, anatisonkhanitsa n'kunena kuti zaka zachuluka manda a bambo awo ali mulu wa dothi chabe. Tinagwirizana zosonkha ndalama. Mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg analonjeza kulipira mwala. Kenako panabuka funso loti pamwalapo tilembepo chiyani. Chaka chomwalira tonse tinkachidziwa. Chaka chobadwa, mudzi umene anabadwira, dzina la mayi awo, panalibe woyankha. Maso onse anatembenukira kwa ine, chifukwa ndagwira ukalaliki zaka 26 ndipo kumudzi amati ndine wa mapepala. Ndinadzimva kukula. Ndinaimirira n'kunena kuti Apwitikizi ankalemba chilichonse, ndipo ngati agogo anachokera ku Chiwambo ndiye kuti dzina lawo lili m'buku kumeneko, ine ndikalitenga.

Ndisananyamuke ndinapita kukatsanzika kwa mayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga, amene panthawiyo anali ndi zaka 86. Maso anali atachita khungu, makutu akumva patalipatali. Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo ndi zala zokha, osaona. Ndinagwada pafupi n'kukweza mawu.

"Amayi, kodi agogo kwawo kwenikweni kunali kuti?"

Anasiya nandolo uja. Anayamba kunena za phiri, kuti linali ndi mitu iwiri, kuti m'munsi mwake munali mapanga, kuti bambo awo ankati madzi a kumeneko ndi ozizira moti mano amachita dzanzi. Ine ndinaganiza kuti akunena phiri lathu lomweli la Mulanje, ndipo ukalamba ukuwasokoneza. Dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinkaopa kusowa minibasi yobwerera ku Limbe. Ndinayang'ana wotchi, ndinawaika K2,000 m'manja, n'kuwauza kuti ndidzabwera tidzacheze bwino. Anangoti, "Yenda bwino mwanawe," n'kubwerera ku nandolo wawo.

Ndinadutsa pachipata cha Muloza m'mawa wa pa 6 Sepitembala. Ku Milange munthu sudziwa kuti uli kunja, chifukwa pamsika Chichewa chili wawawa. Mavuto anayambira pa ndalama. Kwacha inali itagwetsedwa mphamvu mu Meyi chaka chomwecho, ndipo ma meticais amene ndinalandira nditasintha anali ochepa kuposa amene ndinawerengera kunyumba. Ndinakwera minibasi, imene kumeneko amati chapa, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kukafika ku Mocuba. Kumeneko ndinakweranso ina yotsetserekera kunyanja. Chichewa chinkatha pang'onopang'ono m'galimoto muja, aliyense wotsika ankapita nacho, mpaka ndinatsala ndekha pakati pa Chipwitikizi ndi Chichuwabo. Tinaima pamalo ena otchedwa Namacurra. Ndinagula nthochi pawindo, ndinadya, ndinagona. Dzinalo silinandiuze kanthu.

Quelimane ndinafikako usiku. Ndi tawuni yafulati, yotentha chinyontho, yokhala m'mphepete mwa mtsinje waukulu umene Vasco da Gama anautcha Bons Sinais mu 1498. Nyanja yeniyeni ili patsogolo, makilomita oposa 20, koma fungo lake la matope ndi mchere limafika m'misewu. Njinga za kabaza ndi zochuluka kuposa ku Nsanje ndi ku Salima kuphatikiza. Kutacha ndinavala jekete ndi tayi, ndinanyamula chikwama cha mapepala, n'kupita kukafuna ofesi yolembera kubadwa ndi imfa za anthu. Ndinapeza chitseko chotseka. Ofesi yoyandikana nayo yotsekanso. Pa 7 Sepitembala ku Mozambique ndi tchuthi, amakumbukira pangano la ku Lusaka la 1974 limene linathetsa nkhondo yomenyera ufulu. Ine wa mapepala sindinayang'ane ngakhale kalendala ya dziko limene ndinkapitako. Tsiku limodzi la malo ogona ndi chakudya linapita pachabe.

Koma tsiku lomwelo ndi limene ndinakumana ndi mnyamata wina wa kabaza, wa ku Morrumbala, amene mayi ake anakhalapo ku Nsanje pothawa nkhondo. Ankalankhula Chisena chosakaniza ndi Chichewa, ndipo tinkamvana. Tinapangana kuti azindinyamula ndi kunditanthauzira. Anandizungulitsa tawuni, anandionetsa tchalitchi chakale cha m'mphepete mwa mtsinje, chomangidwa m'zaka za m'ma 1700, ndiponso anandiuza kuti David Livingstone anafika pano mu 1856 atadutsa Africa kuchokera ku Luanda. Ine zonsezo ndinkangozimvera m'khutu limodzi. Mtima unali pa buku.

M'mawa mwake ku ofesi kuja tinalandiridwa ndi mayi wina wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe. Anamvetsera modekha mnyamata uja akufotokoza, kenako anayamba kundifunsa. Agogo anuwo anabadwira m'boma liti? Mfumu yawo inali ndani? Mayi awo dzina lawo ndani? Dzina lachiwiri? Pa mafunso onsewo ndinalibe yankho. Ndinali ndi mawu awiri okha, Juwawo ndi Chiwambo. Mayiyo anavula magalasi n'kundifotokozera chinthu chimene ndinayenera kuchidziwa ndisanawononge ndalama za abale. Pa ulamuliro wa Apwitikizi, mpaka 1961, lamulo linkagawa anthu pawiri. Kunali nzika, ndiye azungu ndi anthu akuda ochepa kwambiri amene anavomerezedwa kuti asanduka ngati Apwitikizi, ndipo kunali ena onse, otchedwa indígena. Mabuku a kubadwa a m'zaka zimenezo anali a gulu loyambalo. Munthu wamba ankalembedwa pofuna msonkho ndi pofuna antchito basi, ndipo ambiri mwa mabuku oterowo, a m'maboma a kumidzi, anapsa kapena kutayika pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992. Zotsala zina zili kosungira zakale ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera pamene tinakhalapo.

Mawu amenewo anayenera kundibweza. Ine ndemwe, wobadwa mu 1971 m'dziko lodzilamulira, ndinalibe chikalata cha kubadwa mpaka ukulu. Kwathu kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala lamulo logwira ntchito mu 2015, ndipo pamene tinkajambulitsa zitupa za unzika mu 2017 ndinaona ndi maso anga nkhalamba zikupatsidwa zaka mongoyerekeza, potengera njala ya 1949. Nanga mwana wa kumudzi wobadwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 akanalembedwa ndi yani? Koma ndinaganiza za nkhope za abale, ndi mmene ndinaimirira pamsonkhano paja. Kubwerera chimanjamanja ndinakuona ngati imfa. Ndinafunsa ngati kulibe kwina. Mayiyo anati ngati agogowo anabatizidwa ali khanda, mwina mabuku a ubatizo a ku parishi angathandize. Ananena kuti "ngati" ndiponso "mwina". Ine ndinangomva "parishi".

Mabukuwo ankasungidwa ndi bambo wina wokalamba, woonda, woyankhula motsitsa. Anatilowetsa m'kachipinda ka windo limodzi, n'kundiuza kuti ndisambe m'manja ndi kupukuta bwino ndisanagwire kanthu. Anatsegula kabati yachitsulo n'kutulutsa buku lalikulu ngati thireyi, lachikuto chosupuka. Fungo lake linali la nkhungu, ngati chimanga chogonera m'nkhokwe yodontha. Mapepala anali achikasu, m'mbali mwake njenjete zitaboola tinjira tokhotakhota, ndipo inki inasanduka yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Pena inadya pepala n'kutulukira kuseri. Ubatizo uliwonse unalembedwa m'ndime yakeyake, ndi dzanja lopendekera lokongola: tsiku, dzina la mwana, makolo ndi kumene anachokera, amene anaimira mwanayo, ndi siginecha ya wansembe. Kumanzere kunali mpata wosiyidwa dala, pamene ankadzalembapo pambuyo pake munthuyo akakwatira kapena akamwalira. Bamboyo ankatembenuza tsamba ndi manja awiri, ngati akutembenuza wodwala.

Tinakhala m'kachipindamo masiku atatu. Ine ndinkatsata ndi chala m'mwamba osakhudza pepala, kufunafuna zilembo zinayi zokha, João, poti Juwawo ndi mmene lilime lathu linapindira dzina limenelo. Tinawapeza. Pakati pa 1900 ndi 1906 tinawerenga ana 14 a dzinalo. Ena tinawachotsa chifukwa anali ana a azungu, ena chifukwa m'mbali munalembedwa kuti anamwalira ali aang'ono, ena anakwatira konko n'kukalamba konko. Tsiku lachitatu masana tinafika pa João wina wobatizidwa mu 1903. Bambo ake, buku linati, osadziwika. Mayi ake Maria, wochokera ku dera la Milange. M'mbali munalibe chilichonse, ngakhale kadontho.

Nditamva mawu oti Milange thupi lonse linachita tsembwe. Nkhani yonse ndinaimanga pomwepo, m'mutu mwanga, nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi. Mayi wa ku Milange anatsikira kunyanja, anabereka mwana, mwanayo atakula anabwerera kwawo kwa mayi ake, n'kuwoloka malire, n'chifukwa chake m'mbali mulibe ukwati kapena imfa. Zonse zinalumikizana bwinobwino.

Bambo wosunga mabuku uja sanasangalale nane. Anauza mnyamata wanga kuti andiuze kuti m'mabuku amenewa a João ndi ochuluka ngati mitengo ya kokonati, ndipo mpata wopanda kanthu sutanthauza kuti munthu anasamuka, nthawi zambiri umangotanthauza kuti palibe anabwera kudzanena. Kenako anandifunsa funso limodzi. Kodi agogo anuwo munawaonapo akudzilemba chizindikiro cha mtanda, kapena kutchula pemphero lililonse la Chikatolika?

Apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni, ndipo sindikufuna kulibisa m'mawu ambiri. Ndinkadziwa kuti ayi. Ndinkadziwanso kuti m'sutikesi ya malemu mayi anga munali kakhadi kosonyeza kuti agogo anabatizidwa ku mpingo wa CCAP ali bambo wa ana kale, atalowa kalasi ngati munthu amene sanabatizidwepo. Kakhadiko ndinakagwirapo ndi manja anga. Kanabwera m'maganizo mwanga nthawi yomweyo, koonekeratu, ndipo ndinakakankhira kumbali. Ndinayankha kuti mwina anaiwala poti anachoka ali wamng'ono. Bamboyo anandiyang'ana kanthawi, sananenenso kanthu. Anandikopera ndime ija papepala loyera, linasainidwa, n'kudindidwa chidindo. Nditaona chidindocho mtima unakhala pansi. Zaka 26 za ukalaliki zinandiphunzitsa kuti pepala lodinda silitsutsika, koma chidindo chija chinkangochitira umboni kuti mawuwo alidi m'buku. Kuti mwanayo ndi agogo anga, ameneyo ndinali ine ndekha wonena.

Ndalama zinali zitatsala za ulendo wobwerera ndi mbale ziwiri za mucapata, chakudya chawo cha mpunga, mphodza ndi kokonati. Komabe ndinati sindingachoke osaona nyanja. Tinapita ku Zalala, kudutsa m'minda ya kokonati imene mitengo yake yambiri inatsala mitu yodukaduka chifukwa cha matenda amene anaipha. Tinafika madzi atathawa. Mchenga wonyowa unali tantha kutali, ana akutola nkhono, ngalawa zitagona chammbali pouma. Ndinavula nsapato n'kukhala pansi. Patapita nthawi ndinaona madzi akubwera, mzere woyera ukusendera, kubwerera pang'ono, kusenderanso, mpaka unandinyowetsa mapazi. Kunja kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Ndinalira ngati mwana, pokumbukira mmene tinkawasekera. Agogo anaima pamalo ngati amenewa, zimenezo zinali zoona ndipo ndi zoona mpaka lero. Koma ine choonadi chimenecho ndinachitenga ngati umboni wa pepala langa. Ndinadzaza mchenga m'botolo kuti ndikathire pamanda.

Nditafika kunyumba ndinajambula pepala lija n'kuliponya pa gulu la banja la pa WhatsApp. Mafoni analira usiku wonse. Amalume anati, "Mphwanga, watichotsa manyazi." Mlongo wanga wa ku Johannesburg analira pafoni. Mwana wake wamkazi anali ndi pakati potopa, ndipo atachira kumayambiriro a Okutobala, khandalo analitcha Maria, kuti dzina la gogo wotayika libwerere pakhomo. Kwa mayi aakulu sindinapiteko. Ndinkati ndidzawadabwitse pa tsikulo.

Tinavundukula chiliza Loweruka pa 29 Okutobala. Kunali anthu, thobwa m'migolo, mbuzi ziwiri, amayi a Mvano atavala zoyera. Mayi aakulu anawanyamula panjinga n'kuwakhazika pampando patsogolo. Abusa atapemphera, amalume anachotsa nsalu, ndipo poti ambiri mwa okalamba sawerenga, anapempha mdzukulu wina kuti awerenge mokweza. Mnyamatayo anawerenga bwino, momveka: Juwawo, wobadwira ku Quelimane mu 1903, mwana wa Maria, anamwalira mu 1979. Anthu anayamba kuwomba m'manja. Mayi aakulu anakweza dzanja.

"Abwereze."

Anabwereza, pafupi ndi khutu lawo.

"Mariya ndani?"

Panalibe woyankha. Anafunsanso, osakalipa, ngati munthu amene akufunadi kudziwa: "Mariyayo ndi ndani? Mwaika mayi wa yani pamutu pa bambo anga?"

Botolo la mchenga linali m'thumba la jekete yanga. Silinatulukemo. Sindikumbukira mmene mwambowo unathera. Ndimangokumbukira kuti anthu anadya mwakachetechete, ndipo ena anachoka osatsanzika.

Madzulo ake ndinapita kunyumba kwawo. Ndinakhala pansi, pamphepete pa mkeka, osati pampando. Ndinati, "Amayi, ndalakwa." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe unandifunsa. Ine ndinayamba kukuuza. Ndinamva ukusuntha mkono kuyang'ana nthawi." Maso analibe, koma anamva.

Usiku umenewo anandiuza zonse, m'Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, ndipo pena ankaima kuti mdzukulu wawo andimasulire. Phiri lija silinali la Mulanje. Linali Namuli, kufupi ndi Gurúè, phiri limene Alomwe amati ndiko kunachokera anthu. Agogo anabadwira m'munsi mwake. Mayi awo anali ndi dzina la Chilomwe, ndipo sanaonepo tchalitchi kapena nyanja. Chaka cha nkhondo ya Ajeremani, agogo ali mnyamata wongotuluka kumene ku chinamwali, asilikali a Apwitikizi anafika m'mudzi usiku n'kugwira amuna onse otha kusenza. Anawamanga chingwe chimodzi n'kuwasenzetsa mabokosi. Zipsera za pamapewa zija zinachokera kumeneko. Anayenda masiku ambiri kutsetsereka, mpaka pamalo pamene panali njanji ndi nyumba zosungiramo katundu, m'mbali mwa mtsinje. Pamenepo Ajeremani anawagwera, mfuti zinalira masiku angapo, anthu ambiri anamira pothawira mumtsinje, ndipo amtengatenga amene anapulumuka anabalalika. Agogo anatsata madzi mpaka anakafika ku Chiwambo. Kumeneko anagwidwanso, n'kukagwira ntchito m'minda ya kokonati nyengo ziwiri, akuti kulipira msonkho. Atatopa anathawa. Kwawo sakanabwerera poti akanawapeza, ndiye ankayenda usiku, masana n'kubisala, mpaka anawoloka Muloza.

Atafika pa esiteti ya tiyi, kapitawo anafunsa dzina kuti alembe m'buku la tikiti. Agogo anaopa kuti akatchula dzina lawo lenileni lidzawatsata. Anatchula dzina limene analimva kwambiri kunyanja kuja, Juwawo. Za ku Chiwambozo anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa chosatopa kusimba za madzi othawa. Dzina lawo lenileni ankalitchula ndi agogo aakazi okha, m'nyumba. Mayi aakulu analimva ali mtsikana, ndipo analisunga zaka zoposa 70. Anandinong'oneza usiku umenewo, pamodzi ndi la mayi awo a agogo. Sindiwalemba pano, ndi a pakhomo.

Pambuyo pake ndinafufuza m'mabuku a mbiri, ndipo zimene nkhalamba yosawerenga inandiuza ndinazipeza momwemo. Asilikali a Germany otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck analowa mu Mozambique mu Novembala 1917, ndipo pa 1 mpaka 3 Julayi 1918 anagonjetsa Apwitikizi ndi asilikali a Britain pa siteshoni ya njanji ya Namacurra, ambiri n'kumira mumtsinje pothawa. Mayi aakulu dzina la malowo sankalidziwa, ndipo ine tsopano ndimaopa kulumikiza zinthu mofulumira. Koma njanji, nyumba za katundu, mtsinje ndi anthu omira, zonse zili pamenepo. Ndi pomwe paja ndinagula nthochi pawindo n'kugona, popita ndi pobwera pomwe. Ndinawerenganso za lamulo la Apwitikizi la 1899 lokakamiza munthu wakuda aliyense kugwira ntchito, za makampani ngati Boror ndi Madal amene anali ndi minda ya kokonati ku Zambézia, ndi za msonkho umene kumeneko ankautcha mussoco. Kalembera wa ku Nyasaland wa 1921 anapeza Alomwe oposa 120,000, ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Ambiri mwa iwo anawoloka monga anawolokera agogo, usiku, kuthawa chibalo n'kudzagwa m'manja mwa thangata. Munthu wothawa chotero safuna kulembedwa. Ine ndinapita kukamufuna m'buku la anthu amene iye ankawabisalira, pa dzina limene anavala kuti asamupeze.

Tinagwirizana kuti mwalawo usinthidwe mvula ikatha. Koma mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatulukira kunyanja pafupi ndi Quelimane pomwepo, n'kukwera mpaka kwathu. Mapiri anagumuka, Mulanje ndi Phalombe kunali maliro okhaokha, ndipo nyumba ya amalume inagwa. Ndalama zimene ndinayamba kusunga zinapita ku njerwa ndi malata, ndipo sindikanachitira mwina. Chiliza chija madzi sanachikhudze. Patapita milungu iwiri mnyamata wa kabaza uja anayankha foni. Ndinamupempha kuti akaone bambo wa mabuku. Anabwera ndi uthenga woti ali moyo, ndipo mabuku anawakulunga m'mapulasitiki n'kuwakweza pamwamba mphepo isanafike. Sindinamuuze mnyamatayo kuti ndinatenga munthu wolakwika. Ndinachita manyazi, ndipo mpaka lero bambo aja sadziwa kuti funso lawo lija linali lolondola.

Mayi aakulu anamwalira mu Juni chaka chomwecho. Mwezi ndi mwezi izi zisanachitike ndinkapita kukakhala nawo, wotchi nditaisiya kunyumba, ndipo ndinawajambula mawu pafoni maulendo atatu. Pali zambiri zimene anati adzandiuza ulendo wina. Anapita mwala uja ukadali pamutu pa bambo awo, ndipo chimenechi ndicho chimandiwawa kuposa manyazi a pa tsiku lija.

Maria wamng'ono tsopano akuthamanga ndipo akuyankhula. Mayi ake atamva zoona anafuna kumusintha dzina, koma amalume anakana. Anati mwana walizolowera, ndipo mayi wa ku Milange uja, kaya anali yani, anali munthu, anabereka, dzina lake silodetsedwa. Pepala lodinda lija lili m'sutikesi, pamodzi ndi kakhadi ka ubatizo ka agogo. Nthawi zina ndimalitulutsa n'kumaganiza za João wa 1903, mwana wa eni ake amene ndinamunyamula kuchoka m'buku n'kudzamugoneka m'manda a munthu wina. Mwina anafa ali khanda. Mwina zidzukulu zake zikupalasa kabaza mu Quelimane, ndipo wina mwa iwo anandinyamulapo.

Wosema miyala anandiuza kuti zilembo zozokota sizifufutika bwino, pamafunika mwala wina. Chaka chino ndamaliza kulipira. Mawu ake ndinawawerenga katatu pamaso pa amalume ndi nkhalamba ziwiri zotsala za mbumba yathu, aliyense n'kuvomera ndi pakamwa pake. Pali dzina lenileni la agogo, pansi pake dzina loti Juwawo poti ndi limene anthu ankawadziwa nalo, dzina la mayi awo, ndi mawu oti wa ku Namuli. Wosemayo anandifunsa kuti pa chaka chobadwa alembepo chiyani. Ndinamuuza kuti asiyepo posalala.

Chatsala n'choti mwala wakalewo tiutani. Ena akuti tiuphwanye, ena akuti tiutembenuze ukhale popondera pakhomo la bafa. Ine ndakana zonse ziwiri, poti pali mayina a anthu awiri amene sanatilakwire. Amalume ati ngati ndi choncho ndiutenge ndine, ndikausunge kwanga ku Limbe. Nyumba yanga ndi ya lendi, ya zipinda ziwiri, ndipo mwalawo amanyamula amuna anayi. Ndawauza kuti ndibwera ndi galimoto Loweruka.